Mainess Ajambula Dailes

Mainess anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Kapata, m'tauni ya Chipata. Ankafunitsitsa kukhala ngati abale ake.

Mkulu wake Leticia ankaimba mu kwaya. Mawu ake ankamveka kutali. Mlongo wake Boaz anali waliwiro. Ankapambana mipikisano ya kusukulu.

Mainess sankatha kuimba. Sankathanso kuthamanga. Iye ankangojambula pansi ndi kamtengo.

"Ine palibe chomwe ndimatha," ankatero mumtima.

Loweruka lina onse anapita kumsika. Amama ankagulitsa salaula, zovala zovalidwa kale. Anatenganso Dailes, mng'ono wake wa Mainess. Dailes anali ndi zaka zitatu.

Anthu anali ambiri. Njinga zinali zambiri. Mawailesi ankalira uku ndi uku.

Mwadzidzidzi Amama anatembenuka.

"Dailes ali kuti?"

Anayang'ana pansi pa tebulo. Palibe. Anayang'ana kuseri kwa mulu wa zovala. Kulibe.

"Mayo ine! Mwana wanga!" analira Amama.

Leticia anakwera pa benchi. Anaitana mokweza, "Dailesi-i-i!" Msika wonse unamva. Koma Dailes sanayankhe.

Boaz anathamanga mpaka kumsewu. Anabwerako ali wefuwefu.

"Sindinamuone, Amama," anatero.

Mainess naye anayesa kuitana. Mawu ake anali aang'ono. Anayesa kuthamanga. Anapunthwa nagwa pansi. Bondo linatuluka magazi. 

Amama ankafunsa aliyense. "Mwaonako kamwana kakakazi?"

"Ana ndi ambiri muno," anthu ankayankha. "Ndi kooneka bwanji?"

Amama anayesa kufotokoza. Mawu sankatuluka bwino.

Dzuwa linafika pamutu. Dailes sanapezeke.

Mainess anakhala pansi pafupi ndi matumba a makala. Misozi inalengeza m'maso. Anatseka maso. Ndipo anaona nkhope ya Dailes bwinobwino.

Anatola khala limodzi. Anang'amba chidutswa cha katoni. Anayamba kujambula.

Anajambula masaya onenepa. Anajambula tsitsi lomanga timfundo tiwiri. Anajambula diresi ya madontho. Anajambulanso chala chili m'kamwa.

"Amama, taonani," anatero motsitsa mawu.

Amama anagwira pakamwa.

"Ee! Ndi Dailes ameneyu! Ndi iyeyo!"

Boaz ananyamula katoni ija m'mwamba. Anathamanga nayo mzere ndi mzere. Leticia ankamutsatira akufuula, "Ndani waona mwana uyu?"

Wogulitsa tomato anapukusa mutu. Wogulitsa tinsomba ta kapenta anapukusa mutu. Mainess ankabwera m'mbuyo akutsimphina. 

Kenako anafika kwa a Bonifasi, okonza njinga. A Bonifasi anasiya sipanala. Anayang'ana chithunzi chija.

"Kamwana koyamwa chala aka? Ndakaona! Kamalondola njinga ya nkhuku. Kalowera uko."

Onse anathamangira kogulitsa nkhuku.

Kuseri kwa khola kunali kamwana. Kanali katanjuta pansi. Kankayang'ana anapiye, chala chili m'kamwa.

"Dailes!"

"Amama, taonani piyo-piyo," anatero Dailes.

Amama anamunyamula. Anamukumbatira mwamphamvu. Ankalira, ankasekanso. Kenako anakoka Mainess ndi dzanja lina.

"Mwanawe, wandipulumutsa lero."

Madzulo Atate anabwera kuchokera kuntchito. Leticia anawafotokozera zonse. Boaz anawapatsa katoni ija. Atate anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Mainess, wajambula ndiwe?"

"Inde, Atate. Koma ndi khala chabe."

Atate anapisa m'thumba la malaya. Anatulutsa pensulo yawo ya kuntchito. Anatulutsanso pepala loyera.

"Tenga. Tsopano jambula ine."

Atate anakhala pampando osagwedezeka. Mainess anajambula magalasi. Anajambula ndevu. Anajambulanso mutu, pamwamba popanda tsitsi.

Dailes anasuzumira. Anachotsa chala m'kamwa. Analoza pepala lija.

"Atate! Dazi!"

Onse anaseka. Atate anaseka kuposa onse, akusisita dazi lawo. Mainess naye anaseka, pensulo ili m'manja.