Kakontena Kopereka Moni

Ikamakwana sikisi koloko m'mawa, mzinda wa Balaka unkadzuka wokha popanda munthu woukhudza. Chinali chaka cha 2094. Mipope ya m'minda inkatseguka yokha, tindege tonyamula mankhwala tinkanyamuka padenga la chipatala, mabasi opanda dalaivala n'kuyamba kundondozana kulowera ku Liwonde. Alendo ankati ndi matsenga. Matsenga ake ati? Zonsezi zinkachokera m'nyumba imodzi yopanda mawindo, kuseri kwa siteshoni ya sitima, mmene munali makompyuta osanjikizana mpaka kudenga.

M'makompyuta amenewo pulogalamu iliyonse inkakhala m'kontena yake. Musaganize za makontena achitsulo a pamathiraki aja, ayi. Awa sagwirika ndi manja. Ndi timipanda ta m'kati mwa kompyuta, totchingira pulogalamu kuti ikapenga ipenge yokha, isalume zinzake. Ya mipope inali ndi kontena yake, ya mabasi yakenso, ndipo onse pamodzi ankapitirira zikwi zisanu ndi zinayi.

Wowayang'anira anali Dolika Makwinja, mayi wa zaka makumi anayi, wouma mutu pang'ono. Anzake ankaonera ntchito pamagalasi a zithunzi zokongola, koma iye anakakamira galasi lakuda bii, limene pantchitopo ankalitcha bolodi chifukwa linkafanana ndi la kusukulu. Ukalembapo lamulo, linkayankha ndi mizere ya malemba oyera. Dolika akalemba kuti "onetsa onse", mizere inkatsika: dzina la kontena, mwini wake, mphamvu imene ikudya, ndi mauthenga amene yatumiza. Manambalawo ankasintha sekondi iliyonse, koma iye ankangoponyapo diso n'kudziwa kuti ya mabasi lero yadzuka ndi ulesi.

Lachitatu lina kunabwera bwana wake, bambo Lufeyo Chinthenga, munthu waukhondo woti amapukuta mpando asanakhalepo ngakhale uli wawo womwe. Ananena kuti makina adzaza, choncho Lachisanu masana atulutsa Tsache, pulogalamu yofafaniza kontena iliyonse yopanda mwini. Anamusiyira mndandanda kuti aone ngati mwalowa china chofunika.

Ambiri anali zinyalala ndithu, makontena oti anafa kalekale. Koma kamodzi kanamuimitsa. Kanalibe dzina, kanalibe mwini, ndipo tsiku lonse kankangogona. Mbiri yake inkaonetsa kuti kamadzuka sikisi koloko itangopitirira, n'kugwira ntchito nthawi yosakwana ola, kenako zii mpaka mawa. Kanali katachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi osajombapo.

Dolika analemba kuti "tsegula zolemba". Bolodi linadzaza ndi mzere umodzimodzi, wobwerezedwa ka 412: "Mwadzuka bwanji?"

Anaseka yekha mpaka anatsokomola. Atafufuza anapeza kuti monizo zimapita ku timawayilesi ta pakhoma timene anthu azaumoyo anaika kale m'nyumba za okalamba okhala okha. Injiniya wina, amene palibe ankamukumbukira, anakalemba kakontenako kuti kazipereka moni, ndipo wina akapanda kuyankha kaziuza woyandikana naye akagogode. Kuti kasadye mphamvu, anakapatsa masekondi asanu ndi atatu okha omvera yankho.

Apa m'pamene panali vuto. Kodi alipo wokalamba wa kuno kwathu amene angayankhe moni m'masekondi asanu ndi atatu? Mayankho onse anali oduka. "Ndadzuka bwino, koma bondoli usiku wonse…" "Tadzuka, kungoti mbuzi yanga ija…" "Ndadzuka, kaya inu kumeneko, ana ali…" Kakontenako kankangomva kuti munthu ali moyo, basi, kapita khomo lina.

Dolika anali akusekabe pamene anafika pa mzere wa 207. Adiresi yake inali ya ku Phalula, nyumba ya mpanda wa nkhadze, kumene iye anakulira. Anali bambo ake.

Chimwalirireni mayi ake, a Makwinja ankakhala okha, ndipo Dolika ankawaimbira kamodzi pamwezi. Nthawi zonse ankangoti ali bwino, asavutike. Koma apa panali mayankho awo a zaka zisanu ndi chimodzi. "Ndadzuka bwino, mwanawe. Dzulo ndinalota…" "Ndadzuka. Papaya uja wayamba kupsa, ndimati mwina…" Tsiku lililonse ankayamba nkhani, tsiku lililonse ankadulidwa, mawa lake n'kuyambanso ina osakhumudwa. Dolika anachita manyazi, manyazi enieni, ndipo mtima unamuwawa. Lachisanu masana ngakhale masekondi amenewo akanatha.

Tsiku lomwelo anawaimbira bambo ake. Anati ali bwino, asavutike, apitirize ntchito.

Lachinayi anakagogoda kwa bambo Chinthenga. Iwo anakana mwaulemu. Anati lamulo ndi lamulo, kontena yopanda mwini ndi khomo lotsegukira akuba, ndiponso makina a mzinda sanawagulire kucheza. Dolika anati alembapo dzina lake, kakalakwitsa adzayankhe ndi iye. Bwanawo anati dzina lokha silikwana, pakufunika chifukwa. Ndiye anawakokera ku bolodi lake n'kuwasiyira mpando.

Bwanawo anaiwala kuupukuta. Anawerenga mizere khumi, makumi awiri, zana, chala chili pagalasi. Kenako anavula mandala awo.

"Ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikuwadula mawu akuluakulu m'kamwa?" anafunsa motsitsa. "Mayi Makwinja, uku ndi kupanda mwambo. Lembanipo dzina lanu. Muchotsenso malire a masekondiwo, kazimva mpaka munthu amalize."

Dolika analemba malamulo awiri: loika dzina lake, ndi lochotsa malirewo kuyambira Lolemba. Lachisanu Tsache anadutsa, anasesa makontena mazana asanu, kakontenako n'kukalambalala.

Lolemba m'mawa anafika msanga kuti aonerere. Sikisi koloko itapitirira, kanadzuka. Mphamvu imene kankadya inakwera pa 2 kufika 30, kenako 70, kenako 98 pa 100. Okalamba 412 anali atazindikira kuti lero sadulidwa, ndiye anamasula zonse: mabondo, mbuzi, mvula ya chaka chakuti, adzukulu osamva. Fani yoziziritsa makina inayamba kulira. Bambo Chinthenga anatulukira thukuta lili kamukamu, n'kufunsa ngati mabasi saima panjira.

Dolika anali atalemba kale lamulo loimitsa, chala chili pamwamba pa batani, pamene nambala ija inagwa yokha. Kuchoka pa 98 inafika pa 3.

"Kafa," anatero bwanawo.

Koma sikanafe. Mauthenga ankayendabe, kungoti sankadutsanso mwa iko. Dolika anatsegula malamulo akale a kakontenako n'kupeza kamzere kamene injiniya uja anasiya: ntchito ikachuluka, phatikiza zofanana. Kakontenako kanachita zomwezo. Kanatenga wodandaula bondo n'kumulumikiza ndi mnzake wa bondo, wa mbuzi ndi wa mbuzi, kanawauza kuti pali wina akufuna kuwapatsa moni, iko n'kuchokapo. Dolika ndi bwana wake anayang'anana, n'kuphulika kuseka mpaka alonda anasuzumira pakhomo.

Dolika analetsa kulemba zokambirana za anthuwo, poti zimenezo tsopano zinali zawo. Bolodi linkangoonetsa kuti adiresi iti yalumikizana ndi iti, kwa nthawi yaitali bwanji. Komatu diso ndi diso. M'mawa uliwonse linkathamangira pa 207, ndipo 207 sankasintha mnzake. Anali 58, adiresi ya ku Utale. Sabata yoyamba mphindi makumi awiri. Yachitatu ola lathunthu. Pofika mwezi wachiwiri maola awiri ndi theka, munthu woti mwana wake akaimba amamaliza nkhani madzi a tiyi asanawire.

Tsiku lina masana foni yake inalira. Anali bambo ake, oimba okha, chinthu chimene sanachitepo. Anayamba ndi nkhani ya mvula, anapita ku ya papaya, anazungulira ndithu, kenako anakonza kukhosi.

"Dolika, Loweruka udutse ku Liwonde kwa abambo ako aang'ono. Uwauze atenge jekete lawo labwino lija. Kuli ulendo wa ku Utale."

"Kuli maliro, ababa?"

"Maliro a chiyani? Kukufunika unkhoswe. Kuli a Nachanza kumeneko. Nawonso anatsala okha. Amalima tsabola, ndipo kuyankhula ndiye samapuma, koma ine ndazolowera."

Dolika anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe, akuseka. Bambo akewo anamudzudzula kuti palibe choseketsa, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri sachita zachibwana.

Ukwati unachitika mwezi wa Ogasiti, ndipo bambo Chinthenga anavina mpaka nsapato zawo zinatuwa ndi fumbi. Unali wachitatu wochokera mumndandanda wa okalamba aja. Ena sanakwatirane, anangosamukira pafupi ndi anzawo, ndipo agogo anayi a ku Kankao anayambitsa kwaya.

Lolemba lotsatira Dolika anakhala pa bolodi lake monga mwa nthawi zonse. Kakontenako kanapereka moni ku nyumba ya ku Phalula, ndipo kunayankha mawu awiri, olimbirana kuyankha. Poti kanalembedwa kuti kazisamala okhala okha, kanafafaniza 207, kanafafanizanso 58. Dolika anayang'ana malo opanda kanthuwo nthawi yaitali. Anasangalala, koma anasungulumwanso pang'ono, chifukwa tsopano analibe pena powaonera bambo ake. Anatenga foni n'kuimba. Anayankha ndi a Nachanza, n'kumuuza kuti mwamuna wawo ali kudimba, koma asadule, iwo ali ndi zambiri zoti amufunse. Dolika anakokera mpando pafupi, natsamira.

Pa makontena onse a m'nyumba imeneyo, ndi kokhako kamene Dolika amakapempherera kuti tsiku lina kadzasowe munthu womupatsa moni.