Nyamalikiti Wagwada

Kireti inaterereka, ndipo anganga anagwa chagada pabwalo la chipatala, anthu onse akuona.

Chifuniro anakuwa. Iyeyo ndiye anaika kireti ya zakumwa ija pansi pa chitseko kuti anganga ake, a Fyness, apondepo pokwera galimoto. Iyeyo ndiye anawagwira m'chiuno n'kuwauza kuti, “Pondani basi, ndakugwirani.” Koma mphamvu za mtsikana wa Fomu 2 zingafike pati ponyamula munthu wamkulu amene mwendo wake umodzi unazizira ndi sitiroko?

Bambo ake, a Medson, anathamanga kuchokera mbali ya dalaivala manja ali patsogolo.

“Musandikhudze, bambo!” anganga anafuula akukokera chitenje m'miyendo. “Ndikadali moyo ine. Tembenukani uko!”

A Medson anaima njo, kenako anatembenuka n'kuyang'ana mpanda. Anali mkamwini wa a Fyness, ndipo kwawo mkamwini sagwira thupi la apongozi ake, ngakhale zitavuta chotani. Amayi awiri ogulitsa nthochi pageti ndi amene anabwera kudzawadzutsa n'kuwakankhira m'galimoto ngati thumba la chimanga. Kenako ananyamuka kubwerera kunyumba ku Sadzi.

Galimotoyo inali pikapu yaitali yochititsa mantha, matayala ake ofika m'chiuno mwa munthu. A Medson anaikweza dala ndi zitsulo kuti izidutsa m'tinjira tamiyala tapamwamba pa phiri, kumene ankakanyamula matabwa. Ana a m'dera anaipatsa dzina lakuti Nyamalikiti. Chifuniro akamatsika pageti ya sukulu, ngakhale anyamata a Fomu 4 ankasiya macheza kuti aonerere, ndipo tsiku limenelo mtsikanayu ankayenda ngati sukulu yonse ndi ya bambo ake.

Amayi a Chifuniro atamwalira, anthu ankayesa kuti a Medson abwerera kwawo. Iwo sanachoke, ndipo apongozi awo atadwala anawatenga n'kumakhala nawo. Madokotala ananena kuti mwendowo ukhoza kudzuka ngati a Fyness angamapite ku mafizo, masewera olimbitsa thupi akuchipatala, Lachinayi lililonse osadumphitsa. Kunyumba kunalibe vuto, chifukwa galimoto ikaima mogundana ndi khonde, anganga ankangokhwekhwerekera pampando. Koma kuchipatala kunalibe khonde.

Mwezi wapitawo a Medson anali atanenapo kuti mwina ndi bwino kuitsitsa galimotoyo. Chifuniro analira mpaka kukana chakudya. “Anzanga andiseka, bambo! Ine ndizikhoza kuwakweza, tingotenga kireti.” Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha m'manja. A Medson anasemadi, ndipo anasema mwamsanga, pakuti nawonso pansi pa mtima sankafuna kuti Nyamalikiti wawo afupike.

Atafika kunyumba tsiku la ngozilo, Chifuniro anatenthetsa madzi n'kuyamba kuthowa chigongono cha anganga chimene chinasupuka.

“Pepani, anganga. Lachinayi likubwerali ndidzabweretsa njerwa, sizingaterereke.”

“Usavutike, mdzukulu wanga. Kumeneko ine sindipitanso.”

“Nanga mwendowu?”

“Mwendo ukhale. Ine ndakalamba ndi ulemu wanga, lero ndagona chagada pamaso pa mkamwini, anthu a njinga za kabaza akuonerera. Bola kukwawa m'nyumba muno.” Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. “Ndipo bambo akowo usawavutitse. Galimoto ija ndiye khasu lawo. Munthu wandisunga popanda mwana wanga, ndimuthyolerenso khasu?”

Chifuniro ankawadziwa anganga ake: akati ayi, ndi ayi. Mtima unamupweteka, ndipo manyazi anamugwira kwambiri. Nkhalamba inali kudera nkhawa ntchito ya bambo ake, pamene iye ankadera nkhawa maso a anyamata a pageti.

Anawapeza bambo ake panja atakhala pa tayala lakale, akuyang'ana galimoto.

“Bambo, anganga akuti ku mafizo sapitanso.”

“Ndamva. Zenera linali lotsegula.”

“Itsitseni, bambo.”

A Medson anati, “Ukudziwa kuti ikatsika, kuphiri kwatha? Mimba yake izikhula miyala. Matabwa azinyamula ena, ine ndizingothamanga ndi kabichi pa msewu wa tala.”

“Ndikudziwa. Ndine ndinakukanizani. Ndine ndawagwetsa.”

“Iyayi, Chifu. Iwe unalira, koma makiyi anali m'thumba mwa ine.”

Loweruka m'mawa anapita limodzi ku galaja ya a Akram ku Songani. Amakanikowo, amene anaikweza okha galimotoyo zaka zapitazo, anagwira pakamwa.

“Achimwene, mwadwala? Anthu amabwera kuno kudzakweza, inu mukuti nditsitse?”

“Tsitsani, a Akram. Ndi za apongozi.”

A Akram sanafunsenso. Anaimika galimoto pa jeke, n'kulowa pansi ndi masipanala awo. Anachotsa zitsulo zimene zinali pakati pa masipuling'i ndi ekiselo, anagulula matayala akuluakulu aja n'kuikapo ang'onoang'ono, ndipo pansi pa chitseko anawotchererapo kachitsulo kopondapo. Pamene jeke inkatsika, a Medson anapita kukaima kuseri kwa galaja, ati kukayankha foni, koma Chifuniro sanamve foni ikulira.

Lolemba kusukulu kunali phwando. “Taonani, Nyamalikiti wagwada!” anakuwa mnyamata wina, ndipo gulu lonse linaseka chikhakhali. Brenda, mnzake wa pamtima, anamunong'oneza kuti, “Mawa uziwauza akutsitsire patali.” Nkhope ya Chifuniro inatentha, sitingabise. Koma anatembenuka n'kuwabayibitsa bambo ake pamaso pa onse, ndipo Lachiwiri anatsikiranso pageti pomwepo.

Vuto linali kwa anganga. Ataona galimoto pawindo anakwiya. “Ndani wawauza zimenezi? Ndinati chiyani ine?”

“Zitsulo zachotsedwa kale, anganga,” Chifuniro anayankha. “Ntchito ya matabwa yapita kale kwa ena. Mukakana kupita, ndiye kuti bambo ataya zonsezi pachabe.”

Anganga anang'ung'udza mpaka Lachitatu madzulo. Lachinayi m'mawa Chifuniro anawapeza atasamba kale, duku lili kumutu.

Mafizo atatha, anatuluka pang'onopang'ono ndi ndodo yawo mpaka pamalo pomwe anagwera paja. Amayi a nthochi anaimirira kuti adzathandize, koma anganga anawakaniza ndi dzanja. A Medson anatsegula chitseko, n'kupita kukaima patali atayang'ana kumbali. Chifuniro anatambasula manja.

“Nawenso choka,” anganga anatero.

Anamupatsira ndodo, anagwira chitseko, n'kuika mwendo wabwino pa kachitsulo kaja. Mwendo wodwala unatsalira pansi ukunjenjemera. Analuma mano, thukuta likutsika m'khosi, ndipo anaukoka pang'ono, n'kuukokanso, mpaka unadzuka wokha n'kulowa. Anakhala pampando akupuma mwabefu, nakonza chitenje chawo bwinobwino.

Chifuniro anaima ndi ndodo m'manja, misozi ikungoyenderera.

“Ukulira chiyani pagulu?” anganga anamukalipira. “Kawaitane bambo ako. Uwauze kuti atha kutembenuka, ndakwera.”