Filimu ya Ng'ona ya kwa Feston

Nkhaniyi mukafunse mayi Emelia, amene amagulitsa nsomba zokazinga pakhomo pa nyumba ya kanema ya Feston ku Makhanga. Anaona ndi maso awo, ndipo si munthu wokonda zopeka.

Feston anali ndi filimu ina yakalekale ya ng'ona, imene anaitola pa mulu wa zimbale zakale ku Nsanje. Anyamata sankaifuna. Ankati zithunzi zake n'zosuluka, mulibe mfuti, komanso ng'onayo imachedwa kuoneka. Koma Feston ankati amene anaipanga ankaidziwadi ng'ona. M'filimuyo chilombo sichibangula ayi. Mumangoona bango likugwedezeka popanda mphepo, mbalame zangoti zii, madzi ali see. Choncho ankaiika masana, nthawi imene kulibe anthu, n'kumaonera yekha.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, munalowa bambo Ignasio. Ameneyu ndi msodzi amene mkazi wake, Otilia, anagwidwa ndi ng'ona akuchapa padooko, mtembo osapezeka.

"Ndamva kuti m'filimu yanuyo muli mayi amene amapulumuka," anatero motsitsa mawu.

"Alimo, bambo. Chakumapeto."

"Tiikireni."

Feston anakankha chitseko, m'nyumba munada, filimu n'kuyamba. Iye anakhala kutsogolo pafupi ndi batire, a Ignasio pa benchi yakumbuyo.

Filimu ili pakati, kunabwera fungo. Linali fungo la matope a pansi pa mtsinje, losakanikirana ndi namasupuni wowola. Nyenje zimene zinkalira panja zinaleka. Kenako Feston anamva madzi akudontha. Tho. Tho. Mvula inali isanagwe chaka chimenecho.

Anacheuka.

Pambali pa a Ignasio panali mayi. Chitseko chinali chisanatsegulidwe. Kuwala kwa kanema kunkamumenya kumaso. Chitenje chinali chitamatirira pathupi, tsitsi lili matope okhaokha. Sankaphethira.

"Yang'anani kutsogolo, a Feston," ananong'ona a Ignasio. "Akuchita manyazi. Angofuna aone mmene mnzake anatulukira."

Feston anayang'ana kutsogolo. Pa kanema, mayi wa m'filimu anali m'madzi olekeza m'khosi, ng'ona itamugwira mwendo. Ankatambasula dzanja kuti agwire bango. Kumbuyo, wina anayamba kupuma mobanika, ngati munthu amene wamwa madzi ambiri. Kupumako kunkayandikira. Chinthu chozizira chinakhudza chidendene cha Feston. Anali madzi, akuyenda pansi.

Anazula waya pa batire.

Mdima. Kupuma kuja kunaleka.

"Mwatilakwira," anatero a Ignasio. "Kunatsala pang'ono."

Benchi inalira kawiri. Chitseko chinatseguka.

Mayi Emelia akuti a Ignasio anatuluka okha, koma anaima atagwira chitseko ngati akudikira wina kuti adutse. Kenako analowera njira ya kumtsinje, akuyankhula chapansipansi. Pafumbi, pambali pa mapazi awo, pankatsala mapazi ena aang'ono, onyowa. Dzuwa lonse lija, mapaziwo sanaume mpaka madzulo. Mayiwo anavundikira nsomba zawo n'kupita kwawo osatsanzika.

M'mawa mwake asodzi anzawo anawapeza a Ignasio atakhala m'bwato lawo pakati pa bango, ali moyo. Malaya awo anali ouma, kupatula phewa limodzi, pamene munthu angatsamire mutu. Kuyambira tsiku limenelo sanayankhulenso.

Masiku ano dzuwa likafika paliwombo a Ignasio amabwera, n'kukhala pa benchi ya panja, chakumapeto, atasiya malo. Amangomuyang'ana Feston. Feston amanenabe kuti pa mafilimu onse a zilombo palibe yoposa imene ija, koma akati aikenso chimbalecho manja amamukanika. Kuchitaya akuopa. Anachikulunga m'jumbo n'kuchipachika kudenga.

M'mawa uliwonse, pansi pa jumboyo amapezapo ponyowa.