Zikhomo za Ngalande ya ku Chiuta

Zikhomo zimene Blasius anakhoma Lolemba anazipeza zitasuntha Lachiwiri m'mawa. Sizinazulidwe n'kutayidwa ayi. Zinali zitakhomedwanso mwaluso, koma mzere wake utakhota ngati ukulambalala chinthu chosaoneka.

Munali mu 1974. Blasius anatumidwa ku Chiuta kudzayeza ngalande ya sikimu ya mpunga, ndipo alendo odzayendera ntchitoyo ankayembekezeka pakutha pa mwezi. Anabwezera zikhomozo m'malo mwake. Kutacha zinakhotanso, tsopano malo angapo. Pofika Lachinayi aganyu ambiri anasiya kubwera.

"Akuti usiku kumamveka go, go, go, koma nyali siioneka," anatero kapitawo wake, Abdulrazak, monong'ona. "Bwana, malo ano tiwasiye."

"Iyayi," Blasius anayankha. "Madzi afika m'minda imeneyi chaka chomwe chino."

Lachisanu analawira mbandakucha nakabisala m'bango. Nkhungu inali itakuta dambo lonse, achule atangoti zii, mame akumulowa m'nsapato. Kenaka anamva mapazi akufwanthula udzu, pang'onopang'ono, n'kuima. Go. Go. Go. Anadzuka n'kulunjika komweko.

Anapeza mayi wachikulire atagwada, mwala uli m'manja. Anali a Saida, amene ankagulitsa nsomba zouma pafupi ndi msasa wake.

"Amayi, mukudziwa kuti kusokoneza chitukuko ndi mlandu wotani masiku ano?"

"Ndikudziwa," anatero mayiwo osadzutsa mutu. "Pano pagona amuna anga. Chaka chija a boma ankasaka anthu othawira kutchire, iwo anabwera ndi bala pamimba, sanafike m'mawa. Tinawaika kuno mwakachetechete, popanda maliro. Mukakumba n'kupeza mafupa, adzafunsa kuti ndi a yani. Ana anga adzatengedwa."

Blasius anafunsa: "Nanga malo enawo mukusunthiranji?"

A Saida anamuyang'ana koyamba. "Ine ndimasuntha zitatu zokhazi. Zinazo zili ndi eni ake."

Nkhungu ikuyalula, Blasius anayenda mzere wonse. Unali utakhota malo asanu ndi awiri.

Tsiku lomwelo anajambulanso mapu, nalemba kuti pansi pali thanthwe, ngalande iyenera kuzungulira. Ankadziwa kuti alendo aja akafuna kuliona thanthwelo, iye ndiye adzayankhe. Anasayina, kenaka anazula zikhomo zonse kuti ayeze mwatsopano, madzi asadzaime pokhota.

Anaitana Abdulrazak, osamuuza kalikonse. Kapitawoyo ananyamula mtolo wa zikhomo paphewa n'kutsogola. Pa malo onse asanu ndi awiri aja, pomwe panali udzu wokhawokha, mapazi ake ankapatuka okha. Pa malo omaliza anaima, navula nsapato.