Ziboliboli za Fanwell

Fanwell ankagulitsa ziboliboli pamsika wa ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, koma kunena zoona ntchito yake inali yongozipukuta fumbi. Azungu ankafuna zakale. Iye ankapaka zake polishi wa nsapato, n'kuzifukiza utsi, koma ayi ndithu, ndalama zonse zinkathera kwa Chabota wa tebulo loyandikana ndi lake. Nsanje inamudya mpaka kuwonda.

Tsiku lina anapita ku Simonga kwa sing'anga wina dzina lake Mutumba. Mkuluyo anatulutsa kachitsulo kozungulira, kakung'ung'udza kokha.

"Aka kanagwa kumwamba," anatero Mutumba. "Kamaitana mizimu yamene yankhala mu nthawi monga nsomba mu Zambezi. Yamadya zaka. Chilichonse yadya chimakalamba. Kaike pansi pa bedi na chiboliboli chatsopano."

"Ni zingati, ba Mutumba?"

"Sinifuna ndalama. Uziyadyetsa chabe tsiku na tsiku. Ukaphonya, yazasankha yeka chakudya."

Fanwell anachitadi zomwezo. Kutacha, njovu yosemedwa dzulo lake inali itang'aluka, yakuda bii. Mzungu wina anaiyeza ndi makina ake, napeza zaka mazana awiri, nalipira osatsutsa. Pasanathe chaka Fanwell anagula galimoto.

Koma njala ya mizimuyo inkangokula. Malata atsopano anachita dzimbiri mwezi umodzi. Mkaka unkasasa usanafike pakamwa. Mkazi wake Harriet, mtsikana ndithu, anamera imvi.

"Ba Fanwell, tayani ichi chinthu, tili na mwana!" analira Harriet.

"Nizakugulira mankhwala ya tsitsi," anayankha akuseka.

Loweruka lina kunabwera basi yodzaza alendo. Anagula zonse, n'kufunanso kamvuu katsopano kamene Fanwell anasungira mizimu. Munthu wadyera uja anakagulitsa, ati tsiku limodzi siliwoza mbewa.

Atafika kunyumba masana anapeza Harriet akugubuduzika pakhomo. Mwana wawo Sepo, wa zaka zisanu, ankasewera chibisalirano ndi anzake, ndipo anali atakwawira kunsi kwa bedi lija. Fanwell anagwada n'kumukoka mwendo. Kunatuluka nkhalamba yopanda mano, itavala kadiresi ka Sepo.

"Adadi, nalema," inatero. "Ninyamuleni."

Anainyamula, ndipo inatsirizika m'manja mwake dzuwa lisanapendeke.

Fanwell mutu unazungulira pomwepo. Lero amayendayenda pamsika wa Maramba, kugwadira gogo aliyense n'kumupempha chikhululuko. Dyera n'loipa, abale anga. Chuma cha mankhwala chimadya kaye mitengo, kenako chimadya mwana wako.