Mchere wa pa Mlomo wa Kapu

Hermínia ankagulitsa mandimu ndi zinanazi pamalo okwerera basi ku Milange, ngakhale basiyo inali itasiya kubwera chifukwa cha mabomba okwirira mumsewu. Anthu ankangokhalapo mwachizolowezi.

Tsiku lina kunafika mwamuna wamtali wa shati yoyera yazigamba. Anatola ndimu, nalinunkhiza, nalibweza. Anatolanso lina.

"Mukugula kapena mukudalitsa?" anafunsa Hermínia.

"Ndikusankha, achemwali. Chinthu chabwino sachithamangira."

Dzina lake linali Olímpio. Kale ankagwira ntchito m'nyumba ya Mpwitikizi woyang'anira munda wa tiyi, ndipo ndiye ankasakanizira alendo zakumwa. Bwanayo pothawa anamusiyira chitini chasiliva chokhutchumulira ndi makapu awiri agalasi.

"Ndinkasakaniza jini ndi toniki, ramu ndi ndimu. Lero jini kulibe, ayezi kulibe. Koma kachasu, mango ndi uchi zilipo, ndipo manja sanaiwale."

"Ine mowa sindilawa. Ndimaimba kwaya."

"Ndiye ndikupangirani chanuchanu."

Lamulungu atatuluka ku Misa, Hermínia anakhala pakhonde la Olímpio, manja ali pamiyendo. Olímpio anatenga tiyi amene anazizira mumtsuko, nafinyira chinanazi pakansalu, nathira uchi ndi jinja wosinja. Anakhutchumula chitini pafupi ndi khutu ngati akumvera nkhani. Kenako anapaka ndimu pamlomo wa kapu, nauviika mumchere.

"Mchere wonsewo! Masiku ano?" Hermínia anadabwa, pakuti mchere unkasowa kuposa sopo.

"Popanda mchere kutsekemera sikumveka. Lawa, duwa langa."

Analawa. Anatseka maso.

"Chakumwa ichi dzina lake ndi Hermínia," anatero Olímpio. "Mkazi wina sadzachilawa, pali Mulungu!"

"Musamatchule Mulungu pakapu," anayankha, koma akumwetulira.

Kuyambira pamenepo, pansi pa dengu la mandimu ankapeza timakalata tolembedwa pa mapepala okulungira tiyi. "Uchi wanga, nkhondo ikangopuma ndibwera kwa amalume ako." "Mtima wanga, usiku ndimalota fungo la mandimu." Ankatisunga m'buku la nyimbo.

Nkhondo sinapume. M'mawa wina mu 1986 mfuti zinalira kuchokera kuphiri, ndipo tauni yonse inathamangira ku mtsinje wa Muloza. Olímpio anagwira Hermínia dzanja mpaka pamadzi.

"Oloka! Ndikatenge mayi anga ku Mongue, ndikupeza."

"Mubweradi?"

"Ndingasiye bwanji moyo wanga kutsidya?"

Zaka ziwiri Hermínia anakhala mumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi. Amuna awiri anamufunsira, anawakana mwaulemu. Ankapemphera korona, ndipo akalandira mchere ankapatulako pang'ono n'kumanga pakansalu. Kodi Olímpio akadzabwera adzaviika kapu m'chiyani?

Mu 1988 amayi ena anabwera ndi mbiri: ku Milange kuli munthu amene amasakanizira asilikali kachasu m'chitini chasiliva. Hermínia anaika kansalu ka mchere pachifuwa, naoloka.

Anayenda poponda pomwe aponda ena, osapatuka ngakhale phazi limodzi poopa mabomba okwirira. Tiyi anali atasanduka tchire. Nyumba zinalibe madenga. Pofika pafupi ndi msika, njala ndi dzuwa zinamugwetsa.

Anatsitsimuka ali pamkeka. Mayi wina wapakati ankamupepesera mphepo ndi lichero.

"Musadzuke, achemwali. Ndine Zulmira. Ndakupezani panjira."

Zulmira analowa m'nyumba, natuluka ndi chitini chasiliva. Hermínia anachizindikira. Mwina anachibwereka? Mwina ndi mlongo wa Olímpio?

Mayiyo anathira tiyi wozizira, chinanazi, uchi, jinja. Anakhutchumula pafupi ndi khutu. Anapaka ndimu pamlomo wa kapu yong'aluka, kenako anapukuta ndi chala timchere totsalira m'mbale, tonse, osasiyako.

"Pepani, ndi womalizira. Koma amuna anga amati popanda mchere kutsekemera sikumveka."

"Amuna anu?"

"A Olímpio. Chakumwachi anachitcha Zulmira!" Anaseka mwamanyazi. "Anandipangira tsiku limene anandifunsira, zaka khumi zapitazo. Anati mkazi wina sadzachilawa, koma inu mukudwala, Mulungu amvetsa. Ndi munthu wabwino. Tsiku limene mfuti zinalira kuno, anayenda wapansi mpaka ku Mongue kudzanditenga ine ndi mwana."

Hermínia anayang'ana kapu. Ankafuna kuiponya kutali. Koma mchere umene unali pamlomopo unali womalizira wa mayi wapakati amene sankamudziwa n'komwe. Anamwa zonse, misozi ikugwera momwemo.

"Jinja wachuluka?" anafunsa Zulmira.

"Ayi. Zili bwinobwino."

Pomwepo Olímpio anatulukira ndi mtolo wa nkhuni. Ataona mlendoyo, mtolo unagwa.

"Bambo a Constância, mwatani? Mukudziwana?" anafunsa Zulmira.

Hermínia anayang'ana mimba ya Zulmira, nayang'ana lichero lija.

"Ndinkawagulitsa mandimu," anatero.

Anatulutsa kansalu pachifuwa, nakaika m'manja mwa Zulmira. Mayiyo atamasula anafuula.

"Mayo! Mchere wonsewu? Achemwali, si wa munthu wina uwu?"

"Unali wa munthu wina. Anamwalira pankhondo. Muzithira m'phala la mwana."

Hermínia anatsazika, nayamba ulendo. Olímpio anamupeza pamphambano, akupuma mwawefuwefu.

"Hermínia, duwa langa, ndimvere! Nkhondoyi..."

"Mayi anu munawapeza ku Mongue?"

Olímpio anawerama.

"Bwererani, a Olímpio. Akazi anu asanyamule nkhuni zija, ali ndi pakati."

Sanacheukenso. Anaponda pomwe anaponda pobwera, akusuntha mikanda ya korona. Atafika pa Muloza anagwada, natunga madzi ndi manja, natsuka milomo katatu. Mchere unkamvekabe.