Luwiza ndi Timakapu Tosaola

Luwiza anali mtsikana wa ku Chiosya, m'boma la Mchinji. Luwiza ankakonda fulaye. Ankakonda fulaye kuposa kusesa. Ankakonda fulaye kuposa kutsuka mbale. Akangomva anzake akuponya mpira, miyendo yake inkayabwa.

Bambo ake anali a Kefasi. A Kefasi ankagwira ntchito yophika ku esiteti ya fodya. Ankaphikira bwana wa pa esitetipo. Bwanayo ankakonda khofi kwambiri.

Koma khofi wake anali wachilendo. Ankabwera m'timakapu ta pulasitiki. Timakaputo tinali tating'ono ngati chigoba cha dzira. Tina tinali tofiira. Tina tinali tobiriwira. Tina tinali tachikasu. A Kefasi ankaika kakapu kamodzi m'makina. Makina ankalira kuti fuu. Khofi ankatuluka. Basi, ntchito ya kakapu kaja yathera pomwepo. Mawa kena. Mkuja kenanso.

Tsiku lina a Kefasi anabwera ndi thumba panjinga. Thumbalo linali lodzaza.

"Mwatitengera chiyani, Ababa?" anafunsa Luwiza.

"Timakapu ta khofi," anatero a Kefasi. "M'kati mwake muli khofi wotsala. Akuti khofi wotsala amakometsa manyowa."

Amayi ake a Luwiza anakondwa. Kuseri kwa nyumba anali atakumba dzenje la manyowa. M'dzenjemo anaikamo mapesi. Anaikamo makoko a mtedza. Anaikamo makoko a nthochi, phulusa ndi ndowe za mbuzi. Chaka chimenecho banjali linalibe feteleza. Chimanga chawo chonse chinkadalira dzenje limeneli.

"Luwiza, tenga kamtengo," anatero amayi. "Uboole kakapu kalikonse. Khofi uthire m'dzenje. Timakapu ubwezere m'thumba. Thumbalo ukaike kuseri kwa nkhokwe. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Amayi anasenza chimanga, ulendo wa kuchigayo.

Luwiza anakhala pansi. Anaboola kakapu kofiira. Anaboola kakapu kobiriwira. Anaboola kakapu kachikasu. Kenako anasuzumira m'thumba. Koma thumba limeneli, abale! Linali lodzazabe ngati sanalikhudze.

Pomwepo kunafika mnzake Enifa. M'manja mwake munali mpira.

"Luwiza, tiye ku fulaye," anatero Enifa. "Tikuperewera munthu mmodzi."

Luwiza anayang'ana thumba. Anayang'ana mpira. Anayang'ananso thumba. Miyendo ija inayamba kuyabwa.

"Mapesi amaola," anaganiza Luwiza. "Makoko a mtedza amaola. Makoko a nthochi amaola. Timakapu natonso tiola."

Ananyamula thumba lonse. Analikhuthulira m'dzenje. Anakwirira ndi mapesi. Pamwamba anathira dothi. M'thumba muja anadzazamo zitsononkho za chimanga. Analimanga bwinobwino. Anakaliika kuseri kwa nkhokwe. Kenako liwiro, wa ku fulaye.

Madzulo amayi anabwera kuchokera kuchigayo. Anaona thumba lomangidwa bwino.

"Wamaliza kale?" anafunsa amayi. "Mwana wanga ndi wachangu. Tenga mbatata iyi. Yaikuluyi ndi yako."

Luwiza anayang'ana pansi. Mbatata inali yootcha bwino. Koma tsiku limenelo sinakome. Inkamukakamira pakhosi.

Masiku anapita. Nyengo yozizira inatha. Dzuwa linayamba kuswa mtengo. Luwiza ndi amayi ake ankathira madzi padzenje paja. Amayi ankaimba nyimbo. Luwiza sankaimba. Akamadutsa kuseri kwa nkhokwe, ankayang'ana kumbali. Thumba lija linkakhala ngati likumuyang'ana.

Tsiku lina amayi anapita kumjigo. Luwiza anatenga kamtengo. Anafukula m'mbali mwa dzenje. Mapesi anali atayamba kuola. Makoko a mtedza anali atayamba kuola. Makoko a nthochi anali ataola kale. Kenako anaona kanthu kofiira. Kanali kakapu kaja. Sikanaole ngakhale pang'ono.

"Ola, iwe," ananong'ona Luwiza. "Chonde, ola."

Anakachotsa. Pansi pake panali kena. Anachotsanso kameneko. Pansi pake panalinso kena. Timakaputo tinali tambirimbiri. Kenako anamva amayi akubwera. Anakwirira msangamsanga.

Kuyambira tsiku limenelo, Luwiza ankathira madzi ambiri padzenjepo. Ankathira m'mawa. Ankathira madzulo. Ankati mwina madzi athandiza.

"Taonani mwana wanga," amayi ankauza anthu odutsa. "Manyowa awa akuwasamala yekha."

Luwiza anayang'ana pansi. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu.

Tsiku lina a Kefasi ankapopa njinga. Luwiza anakhala pambali pawo.

"Ababa, kodi makoko a nthochi amaola liti?"

"Sachedwa," anatero a Kefasi.

"Nanga mapesi?"

"Amachedwako pang'ono. Koma amaola."

Luwiza anafunsanso. "Nanga pulasitiki?"

A Kefasi anaseka. "Pulasitiki? Imeneyo ndi nkhutukumve. Iweyo udzakula. Udzakhala ndi ana. Udzamera imvi. Pulasitiki idzakhala ilipobe. Ikakhala m'munda, imatsekereza madzi ndi mizu. Mbuzi ikaidya, imadwala. Wafunsiranji, mwana wanga?"

"Palibe, Ababa," anatero Luwiza.

Mitambo inayamba kusonkhana. Mvula inali pafupi. Anthu anamaliza kugalauza m'minda. Amayi ake a Luwiza anali m'kalabu ya alimi. Anaitana amayi anzawo a m'kalabumo.

"Mubwere Loweruka," anatero. "Tidzafukule manyowa. Mudzaone manyowa a khofi."

Loweruka linafika. Amayi a m'kalabu anabwera. Anazungulira dzenje. Kutsogolo kunaima mayi Esitere. Mayi Esitere anali wapampando wa kalabuyo. Anali munthu wanthabwala. Luwiza anaima kumbuyo kwenikweni. Ankakanda pansi ndi chala cha kuphazi.

"Bwera kuno, Luwiza," anaitana amayi. "Anthu akuone. Ntchito ya khofi anagwira ndi mwanayu. Anagwira yekhayekha."

Amayi aja anaomba m'manja. Luwiza anazyolika. Analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Amayi ake a Luwiza anakweza khasu. Anakumba kamodzi. Manyowa anatuluka akuda bii. Ankanunkhira ngati dothi la mvula yoyamba.

"Awa ndiye manyowa," anatero mayi Esitere.

Amayi anakumbanso. Khasu linalira kuti khwa. Panatuluka kakapu kofiira. Amayi anakumbanso. Panatuluka kakapu kobiriwira. Panatuluka kachikasu. Panatuluka tina ndi tina. Timakapu tinangoti mbwee padzenje ponse. Panalibe ndi kamodzi komwe koola.

Anthu onse anayang'anana.

"Amake Luwiza," anatero mayi Esitere, "kodi chaka chino mudzala makapu?"

Ena anaseka pang'ono. Ena anagwira pakamwa. Amayi ake a Luwiza sanaseke. Anayang'ana timakapu. Anayang'ana kuseri kwa nkhokwe. Kenako anayang'ana Luwiza. Anamuyang'ana kamodzi kokha. Nkhope yawo inagwa.

"Pepani, anzanga," anatero amayi motsitsa mawu. "Ndalakwitsa ndine. Ndakuitanirani zinyalala. Sindinaonetsetse bwino."

Amayi anayang'ana pansi. Luwiza anali asanawaonepo amayi ake akuyang'ana pansi chonchi. Zinamupweteka kuposa chikwapu. Manyazi ake anali atawasenzetsa amayi ake.

Luwiza anathamangira kuseri kwa nkhokwe. Anakoka thumba lija. Analikoka mpaka pakati pa anthu. Anamasula chingwe. Anakhuthula. Zitsononkho zinagubuduka pansi.

"Si amayi," anatero Luwiza. "Ndine. Amayi anati ndiboole kakapu kalikonse. Ine ndinkafuna fulaye. Ndinakhuthulira tonse m'dzenje. Ndinkayesa kuti tiola. Pepani, Amayi. Ndinakunamizani."

Misozi inatsika m'masaya mwake. Palibe amene anaseka.

Amayi anaika khasu pansi. Anagwada pafupi ndi Luwiza. Anamupukuta misozi ndi chitenje.

"Zandiwawa, mwana wanga," anatero amayi. "Zandiwawa kwambiri. Koma wanena wekha. Tsopano titani?"

Luwiza anayang'ana dzenje. "Nditola tonse, Amayi. Kamodzikamodzi."

Analowa m'dzenje. Anatola kakapu kofiira. Anakaboola ndi kamtengo. Khofi anathira m'manyowa. Kakapu anaponya m'thumba. Anatola kobiriwira. Anatola kachikasu. Manja ake anada bii.

Mayi Esitere anamanga chitenje m'chiuno. "Ife tingoima ngati mitengo?" anatero. "Tiyeni timuthandize mwanayu. Mvula sidikira munthu."

Amayi onse anagwada mozungulira dzenje. Enifa anatulukira ndi mpira wake.

"Luwiza, tiye ku fulaye," anatero Enifa.

"Lero ayi," anatero Luwiza. "Ndili ndi ntchito."

Enifa anaika mpira pansi. Nayenso anayamba kutola.

Anatola. Anaboola. Anathira. Anatola. Anaboola. Anathira. Dzuwa litapendeka, thumba linadzaza. Manyowa anatsala okhaokha, akuda ndi ofewa.

A Kefasi atabwera, anamva nkhani yonse. Anakanda m'mutu.

"Nanenso ndili ndi mbali yanga," anatero. "Ndinabweretsa thumba lonseli kwa mwana mmodzi. Mawa ndilibweza kumene linachokera."

M'mawa anamanga thumba panjinga. Madzulo anabwera akumwetulira.

"Bwana anati chiyani, Ababa?" anafunsa Luwiza.

"Ndinamuonetsa thumba," anatero a Kefasi. "Ndinamuuza kuti timakaputi tagona m'dothi kuyambira nthawi yokolola. Anatola kamodzi. Anakapukuta. Kanali ngati katsopano. Anafunsa kuti, 'Tonseti ndamwa ndine?' Ndinati, 'Inde, bwana, ndinu.'"

"Ndiye anatani?"

"Anayang'ana pansi."

Luwiza anadabwa. "Akuluakulu nawonso amachita manyazi?"

"Kwambiri," anatero a Kefasi. "Akuti tsopano azigula khofi wa m'paketi. Ndizimuphikira m'ketulo. Khofi wotsala ndizibwera naye m'chitini. Timakapu ayi."

Patapita masiku ochepa, mvula inagwa. Banja lonse linapita kumunda. A Kefasi ankakumba mapando. Amayi anasenza manyowa m'dengu. Anatula dengu patsogolo pa Luwiza.

"Phando loyamba uthire ndiwe," anatero amayi.

Luwiza anatapa manyowa ndi manja awiri. M'manjamo anamva kanthu kolimba. Kanali kakapu kofiira. Kamodzi kanali katabisala. Luwiza anakachotsa msanga. Anakaika m'thumba la diresi yake. Manyowa anathira m'phando. Amayi anaponyamo mbewu.

Kunyumba, Luwiza anatsuka kakapu kaja. Anakaika pawindo kuti azikaona.

Chimanga chinamera. Chimanga chinakula. Chinamupitirira Luwiza. Chinawapitirira amayi. Chinawapitirira ngakhale a Kefasi. Luwiza nayenso anatalikako pang'ono. Koma kakapu ka pawindo sikanasinthe. Kanali kofiirabe ngati tsiku loyamba.

Tsiku lina amayi anaotcha chimanga chachiwisi. Onse anakhala pakhonde. Amayi anasankha chachikulu kwambiri.

"Tenga, Luwiza," anatero amayi. "Chachikuluchi ndi chako."

Luwiza sanayang'ane pansi. Anayang'ana amayi ake m'maso.

"Zikomo, Amayi," anatero.

Analuma chimanga chija. Chinali chotentha. Chinali chotsekemera. Ndipo sichinamukakamire pakhosi.